Dzina loti Nqumayo linachokera kuti, alipo akulidziwa?

wa_Mchengautuwa

Moni nonse. Pepani nditalikitsa pang'ono koma nkhaniyi yandikhala pamtima kuyambira mwezi watha, nde ndati mwina muno muli akuluakulu kapena anthu owerenga oti angandimasulire.

Ine ndinabadwira konkuno ku Mzuzu, ndinakulira ku Chibavi pano ndikukhala ku Mchengautuwa, koma kwathu kwenikweni ndi ku Ntcheu, bambo anabwera kuno m'ma 80 kudzagwira ntchito basi osabwereranso mpaka kumanga konkuno. Dzina lomwe tonse timalembetsa kusukulu, pa ID, ku banki, ndi dzina loyamba la agogo aamuna, la m'Baibulo, moti anzanga akuno akhala akundiseka kuyambira ku pulayimale kuti iwe ulibe chiwongo eti, munthu mayina awiri onse oyamba ngati wansembe. Ine ndinkangoseka nawo, sindinkaziganizira.

Nde mwezi watha agogo aakazi anatisiya, tinapita kumudzi kukayika maliro. Tsiku losesa azakhali anatulutsa sutikesi yachitsulo ya agogo aamuna, iwowo anamwalira kale ine ndili mwana, inangokhala pansi pa bedi zaka zonsezi moti loko tinachita kuthyola ndi hamala. Mkati munali jekete lodyeka ndi njenjete, buku la nyimbo zakutchalitchi lopanda chikuto, ndi timapepala tomanga ndi ulusi wakuda. Pepala loyamba ndi khadi la ubatizo, palembedwa dzina lawo kenako Nqumayo. Lachiwiri ndi la nthawi ija ankapita ku Joni pa Wenela, pamenepo palembedwa Ncumayo, ndi c. Kenako envulopu ya kalata yochokera kwa achimwene awo, pamenepo Nkumayo. Munthu m'modzi sipelo zitatu abale.

Ndinawafunsa bambo tili m'basi pobwerera, anangoti eya ndi chiwongo chathu chimenecho koma tinasiya kulemba, nkutembenukira ku windo. Bambo anga akayankha choncho ndiye kuti nkhani yatsekedwa.

Ndafufuza pa Facebook ndapeza anthu owerengeka chabe, ena a ku Zambia. Pa Google mukalemba dzinali chomwe chimabwera ndi wandale uja wa nthawi ya Kamuzu, Muwalo, basi. Kuno ku Mzuzu zaka zonse ndakhala sindinakumanepo ndi munthu wa dzina limeneli, a Jere ndawaona ambirimbiri, a Nhlane, a Thole, a Mabaso, koma ili ayi.

Funso langa ndi loti dzinali linachokera kuti, limatanthauza chani, ndipo q ameneyu amawerengedwa bwanji chifukwa ine ndikumangoti Nkumayo. Komanso nchifukwa chani tili ochepa chonchi. Sindikufunsa zongocheza ayi, madamu ndi oyembekezera, mwana abwera cha mu Seputembala, ndiye ndikulingalira zomulembetsa dzina limeneli m'malo mopitiriza lija la agogo. Koma sindingamupatse mwana dzina lomwe ine mwini sinditha kulitchula.

kabaza_wa_ku_Katoto

Kkkkk aise dzina lako likufunika laisensi yapadera kuti munthu alitchule. Ine ndayesa kanayi apa pa siteji anzanga akuti ndatsamwa chimanga.

Koma zoona zake, madala anga ankakamba za Muwalo, amati nthawi imeneyo ukangomva dzina lake umasiya kudya. Nde ngati muli pachibale mwina nchifukwa chake akwanu analitaya. Ine ndikanakhala iwe ndikanangozisiya, mwana umupatse lomwe uli nalolo, zofukula sutikesi zimabwera ndi zambiri.

Mphunzitsi_wopuma_Luwinga

Mwana wanga, choyamba pepani ndi maliro a agogo anu. Chachiwiri musamvere za mnyamata wa kabazayo zoti muzisiye, ngakhale pa nkhani ya Muwalo sananame, ndibwerako.

Nqumayo ndi chiwongo cha Chingoni, ndipo si chiwongo wamba. Ku South Africa ndi ku Eswatini dzina lomweli amalemba Nxumalo. Anthu ake ndi a mtundu wa Ndwandwe, omwe mfumu yawo inali Zwide mwana wa Langa, uja analimbana ndi Shaka nagonjetsedwa ku mtsinje wa Mhlathuze cha m'ma 1819 kapena 1820. Nkhondo imeneyo ndi imene inabalalitsa anthu. Zwangendaba wa kwa Jele, amene ife kuno timati Jere, anali pansi pa Zwide, ndipo atagonja anatenga anthu ake kulowera kumpoto. Wina anali Soshangane, iyeyu ndiye anali Nxumalo weniweni, anakakhazikitsa ufumu wa Gaza kummwera kwa Mozambique, dzina la Gaza linali la agogo ake ndipo mpaka lero chigawo chija chimatchedwa Gaza. Anthu omwe timati Machangani aja dzina lawo linachokera pa iyeyo. Mdzukulu wake Ngungunyane ndi uja anagwidwa ndi Apwitikizi mu 1895 nkukafera ku zilumba za Azores mu 1906. Ndiye mukuona kuti dzina lomwe mwalipeza mu sutikesi ya njenjetelo linalamulirapo dziko lalikulu ndithu.

Tsono kuti Nxumalo asanduke Nqumayo pachitika zinthu ziwiri. Kumathero kuja, lo wasanduka yo. Zimenezi sizinachitikire kuno ayi, anabwera nazo. Kumeneko kuli kalankhulidwe kena ka anthu a chakunyanja komwe l amamutchula ngati y, Azulu amati ukuthefula kapena ukuyeyeza. Nchifukwa chake bambo wa Zwide ena amati Langa ena amati Yanga, munthu ndi mmodzi yemweyo. Choncho yo wanuyo si kulakwitsa kwa mlembi, ndi chizindikiro choti makolo anu ankalankhula motero asanawoloke nkomwe Zambezi. Ine chimenechi ndi chomwe chimandisangalatsa kwambiri pa dzina lanuli, kuposa za maufumuzo.

Chachiwiri ndi chilembo chovutacho. M'Chizulu muli maphokoso atatu othetheka ndi lilime omwe amalemba c, q ndi x. Wa c lilime limagunda kumano akutsogolo ngati mukudandaula kuti tsk. Wa q lilime limamatira kumwamba mkamwa nkuthetheka ngati mukutsegula botolo. Wa x limathethekera chammbali ngati mukuthamangitsa bulu. Angoni atafika kuno anakwatira Atumbuka, Achewa, Ansenga, ana nkumakula ndi chilankhulo cha amayi awo chomwe chilibe maphokoso amenewa, ndiye atatu aja anasokonezeka kenako nkutha. Amene ankalemba mayina, kaya ku mishoni kaya ku Wenela, ankalemba chomwe khutu lawo lamva tsiku limenelo, uyu q, uyu c, winayo watopa wangoika k. Mapepala anu atatuwo ndi mibadwo itatu ya kutha kwa Chingoni, musawataye, ndipo musawamatire ndi selotepi chonde, ikani mu pulasitiki basi.

Za mbiri pang'ono. Zwangendaba anawoloka Zambezi cha ku Zumbo mu Novembala 1835, tsiku lomwe kunachita kadamsana, nchifukwa chake tsikulo limadziwika bwino. Anapitirira mpaka ku Ufipa m'dziko la Tanzania komwe anamwalira cha m'ma 1848, ana ake nkugawikana, Mpezeni analowera komwe pano kuli Chipata, M'mbelwa anatsikira kuno. Tsono mayi wake wa Mpezeni anali Soseya, wa kwa Nqumayo, wochokera ku banja la Zwide. Nchifukwa chake mwapeza ena a ku Zambia pa Facebook paja, sizodabwitsa.

Koma inu mwati kwanu ndi ku Ntcheu. Angoni a ku Ntcheu ndi a kwa Maseko, gulu lina, anayenda njira yawoyawo, anafika mpaka ku Songea nkubwereranso kudzakhazikika cha ku Domwe m'ma 1870, ndiwo a kwa Gomani aja, Gomani woyamba anaphedwa ndi azungu mu 1896. Ziwongo zambiri zimapezeka mbali zonse ziwiri chifukwa onse anachoka dera limodzi, ndiye musathamangire kunena kuti ndinu mdzukulu wa Soseya. Chiwongo ndi chimodzi, nyumba ndi zambiri.

Za Muwalo. Albert Muwalo Nqumayo anali wa ku Ntcheu, nduna komanso mkulu wa chipani cha MCP, munthu woopedwa zedi. Anamangidwa mu 1976 pamodzi ndi Focus Gwede wa Special Branch pa mlandu woukira boma, ndipo mu 1977 Muwaloyo ananyongedwa. Ine nthawi imeneyo ndinali nditangoyamba kumene uphunzitsi, ndimakumbukira mmene tinkakhalira, munthu sunkafuna dzina lako limveke lofanana ndi la munthu amene wagwa. Panalibe amene amafunsa kuti kodi ndi pachibale chenicheni kapena ndi chiwongo chabe. Ndiye afunseni azakhali anuwo chaka chomwe agogo anasiya kulemba dzinali, ine ndikuganiza kuti yankho lili pamenepo. Bambo anu musawakakamize, anthu amene anakula nthawi ija ena mpaka lero amatsitsa mawu akamatchula zinthu zina ngakhale ali m'nyumba mwawo.

Ndatopa kutayipa, zala zachikulire ndi kuzizira kwa Luwinga kuno sizigwirizana.

NyaEkwendeni

Yewo adada aphunzitsi, mwatiphunzitsa ulere.

Ine ndingowonjezerapo za funso loti bwanji muli ochepa, chifukwa ine ndinakwatiwa ndi munthu wa ku Dedza ndiye nkhani iyi timakangana nayo kunyumba pafupipafupi kkkk. Kuno kumpoto chiwongo ndiye dzina lolembetsa. Mwana akabadwa kwa a Gondwe ndi Gondwe basi, mdzukulu Gondwe, mpaka kalekale, ndipo ife akazi amatiitana ndi Nya kutsogolo, NyaGondwe, NyaJere, NyaTembo, olo ukwatiwe dzina lako silisowa. Munthu akakupatsa madzi akumwa umathokoza ndi chiwongo chake. Nde chiwongo chimamveka tsiku lililonse, sichingabisale.

Kwanu uko ndinaona zosiyana. Amuna anga dzina lawo la pa ID ndi dzina loyamba la agogo awo ngati inuyo ndendende, asuweni awo enieni amalemba lina, la bambo awo, moti pa ukwati wathu akwathu ankafunsa kuti kodi anthu awa ndi amodzi zoona? Koma ku maliro kumudzi kwawo ndinamva akulu akuitanana a Ngozo, a Nangozo, a Namaseko, ndi pamene ndinadziwa kuti chiwongo chilipo ndithu koma chimakhala pakamwa osati papepala. Ndiye a Nqumayo atha kukhala ochulukirapo kuposa omwe mukuwaona pa Facebook, kungoti abisala kuseri kwa mayina ngati lanulo. Mukafuna kuwapeza musasake pa foni, pitani pa maliro kapena pa chinkhoswe ku Ntcheu mukakhale chete mumvetsere mmene agogo akuitanirana.

Za katchulidwe musadandaule kwambiri achimwene. Ife kuno tili ndi Engucwini, tili ndi Emcisweni kwa Mpherembe, c ameneyo ndi wothetheka ndi lilime koma mumvereni kondakitala pa depoti mmene amakuwira, amangoti Enguchwini Enguchwini wina m'modzi, ndipo aliyense amakwera nkukafika. A Nhlane omwe mwawatchulawo, hl uja ndi angati amamutha, ena amati Nshane ena Nlane, eni ake anazolowera amangoyankha. Agogo anga aakazi ankatha kuimba nyimbo za ingoma ndi maphokoso onsewo bwinobwino koma ukawafunsa tanthauzo la mawu ena amangoseka. Mu Ogasiti kukakhala Umthetho, mwambo wa Angoni, ku Hora pitaniko, sikutali, mukamve akuluakulu akutchula mayina amenewa mmene amayenera kumvekera, ena alipo ndithu amene lilime lawo likadathetheka.

Ine ndikuti mupatseni mwanayo dzinalo. Kungoti mukonzeke, kusukulu azikamulembera molakwika chaka chilichonse. Mwana wa mchemwali wanga dzina lake lili ndi hl, pa sitifiketi ya Sitandade 8 anamuchotsera h, kuti akonze anayenda maulendo mpaka nsapato kutha.

mjoni_wa_ku_Durban

Man ine nkhani yanuyi yandigwira chifukwa ndinaziona ndi maso. Ndili kuno chaka cha 9 tsopano, kwathu ndi ku Mzimba cha ku Euthini koma Mzuzu ndi tauni yanga, ndinkagulitsa ma foni pa Taifa ndisanabwere.

Kuno Nxumalo ndi dzina lodzaza, lili pa ma taxi, pa ma shopu, ma nesi, apolisi, ngati mmene alili Phiri kwathuko, palibe amene angatembenuke kuti waona zachilendo. Nde pa ntchito pathu panali mnyamata wina wa ku Ntcheu, mabwana ankangomutchula dzina loyamba, tsiku lina pa lanchi dala wina wachizulu woyendetsa foloko anamufunsa isibongo chake, paja iwo chiwongo amati isibongo, mukuona kufanana kwake. Mnyamata uja mwamanyazi anati Nkumayo. Dala uja anasiya kudya, akuti bwereza. Atabwereza dala anaimirira nkuyamba kulakatula, Nxumalo, Ndwandwe, Mkhatshwa, Zwide kaLanga, mpaka anthu onse mu kantini kutembenuka, kenako anamugwira dzanja akuti iwe ndiwe mwana wa kwathu unasochera. Kuyambira tsiku limenelo ankamubweretsera nyama Lolemba lililonse ndipo sankalola kuti wina amutchule kwerekwere pamaso pake. Mnyamata uja analira man, ine ndinaona, munthu wamkulu ndevu pepeya.

Zimene analakatulazo amati izithakazelo, chiwongo chilichonse chili ndi zake, mwana wamng'ono kuno amaziloweza asanayambe sukulu. Ife kwathu zambiri zinatayika tinangotsala ndi dzina lokhalo.

Koma ndikuchenjezeni chimodzi, iwo akamva kuti ndinu a chiwongo chimodzi ndiye kuti ndinu pachibale basi, kukwatirana ayi. Mnyamata uja anali atayamba kale kuponya maso pa mwana wa dala uja, nkhani inathera pa lanchi pomwepo kkkkk.

Katchulidwe kake ine ndimatha tsopano, ukayamba ndi n kenako lilime chammbali. Mukafuna ndikujambulirani voice note. Poyamba mumalavula malovu ambiri koma sabata imodzi mumazolowera.

Chibanja_boy

Ine ndikhala wotsutsa pang'ono, musandide. Nkhani za mayina zikayamba muno aliyense amathera pa ufumu, sindinamvepo munthu akuti ndafufuza ndapeza kuti agogo anga anali wonyamula mphika pa ulendowo. Koma gulu lija linkatola anthu njira yonse, Atonga a ku Mozambique, Akaranga, Ansenga, Achewa, Atumbuka, nchifukwa chake lero muli Angoni a Soko, a Moyo, a Tembo, a Shumba, amenewo si mayina a ku Zululand. Ambiri anasunga ziwongo zawo koma ena analeredwa m'nyumba za akuluakulu nkutengera dzina la pakhomopo. Ndiye kukhala ndi dzina papepala sikutanthauza kuti magazi a Zwide akuyenda mwa inu. Sindikuti si anu ayi, ndikungoti musakagule chikopa cha kambuku msanga.

Komanso kufunsa kuli bwino kuti dzinali agogo analitengera kwa bambo awo kapena kuchikazi, pakuti ku Ntcheu Angoni anasakanikirana kwambiri ndi anthu a chikamwini, midzi ina mwana ndi wa kwa mayi, ndiye zinthu zimatha kudutsa mbali yomwe simukuyiganizira.

Za kuchuluka, kalembera wa 2018 anapeza kuti tilipo anthu 17.5 miliyoni, Angoni ndi pafupifupi 10 pa 100 aliwonse, Mzuzu yokha anthu 221,000 ndi kanthu. Koma zomwe amatulutsa ndi mitundu, osati mayina, nde aliyense amene angakuuzeni kuti a Nqumayo alipo mwakuti m'Malawi muno akungopeka. Ma webusayiti aja amalemba kuti dzina ili lili ndi anthu mwakuti m'dziko mwakuti musawakhulupirire kwambiri, inu nomwe mwaona kuti agogo anu okha akanawerengedwa katatu ngati anthu atatu osiyana, pomwe inu ndi abale anu onse simukanawerengedwa nkomwe.

Tanthauzo palibe wayankha. Ine ndinaphunzirako Chizulu pang'ono pa YouTube, ukunquma ndi kudula kapena kugamula nkhani. Nde Nqumayo si ndiye kuti wodula, kapena wogamula milandu? Zikumveka bwino kwa ine.

Mphunzitsi_wopuma_Luwinga

A Chibanja, pa za chikopa cha kambuku mwalasa, ndagwirizana nanu kwathunthu. Koma pa tanthauzo mwaterereka. Ukunquma ndi kudula kapena kugamula zoona, koma mawu amenewo ali ndi q, pomwe dzina kwawo kuja lili ndi x, Nxumalo. Kwa Mzulu q ndi x ndi zilembo zosiyana ngati mmene kwa ife kulili kupala ndi kuphala, simungati ndi mawu amodzi chifukwa akufanana papepala. Q wa mu Nqumayo anabwera ndi kusokonezeka kuja ndafotokoza. Mukamasulira kuchokera pa sipelo ya ku mishoni mupeza tanthauzo lokoma koma la eni ake ena.

Chiwongo ntchito yake ndi kuloza anthu. Mukati Nxumalo mwanena kuti wa kwa Ndwandwe, wa nyumba ya Mkhatshwa, monga analakatulira dala wa ku Durban uja. Mwana akadzafunsa muzidzamuuza zimenezo, ndi zokwanira kudzaza madzulo onse.

wa_Mchengautuwa

Abale zikomo kwambiri nonse, sindimayembekezera kuti mungandiyankhe mozama chonchi. A kabaza inunso zikomo, mwandiseketsa.

Dzulo madzulo ndinawaimbira azakhali, netiweki kumudzi kuja mpaka akwere pachulu ndiye tinadula katatu koma zomwe ndimafuna ndamva. Aphunzitsi munalondola. Akuti agogo anasiya kulemba dzinali bambo ali Sitandade 6, ndawerengera zaka zikugwera mu 1977 ndendende. Akuti tsiku lina agogo anapita okha kusukulu, zomwe sankachita, nkukawauza ahedi kuti ana anga onse muwalembe dzina langa loyamba, m'kaundula anafufuta ndi labala pomwepo iwo ataima. Pobwera anawauza ana kuti kuyambira lero wina akakufunsani chiwongo muziti sitidziwa. Azakhali akuti ubale ndi malemu Muwalo aja panalibe woti nkuuloza, midzi yake ndi yotalikirana, koma agogo ankati njoka ikalowa m'nyumba sufunsa kuti ndi ya mtundu wanji. Bambo anali mwana wa zaka 12, anauzidwa kuti aziti sindidziwa, ndipo ndikuona ngati mpaka lero akungomvera bambo awo.

A Chibanja funso lanu ndinafunsanso, akuti ndi la kuchimuna, agogo analitengera kwa bambo awo, ndipo ankalowola ndi ng'ombe osati chikamwini. Za ufumu sanatchuleko olo pang'ono kkkk, akuti chomwe amadziwa nchoti agogo awo a agogo anali ndi makutu oboola ndipo nsomba sankadya. Chikopa cha kambuku ndayamba ndaimitsa kaye.

Chomwe chinandikhudza ndi ichi, ndinawafunsa kuti nanga inuyo azakhali amakutchulani ndani kumudziko, anaseka akuti iwe mwana wa m'tauni, sunamve pa maliro paja azimayi akundiitana Nankumayo? Ndinamva ndithu, kangapo konse, koma ine ndinkayesa ndi dzina lawo lachibwana. Ndiye a NyaEkwendeni munanena zoona, dzinali silinapite kulikonse, linangochoka m'kaundula.

A mjoni voice note ija nditumizireni ku inbox. Ndayeserera usiku wonse ndi malongosoledwe a aphunzitsi, lilime chammbali ngati ukuthamangitsa bulu, mpaka madamu anadzuka akuti kodi mwalowa khoswe m'nyumba muno. Iwowo ndi a ku Nkhata Bay, akuti bola dzina likhale loti amayi awo azitha kulitchula pa foni, apo ayi mwanayo azidzangotchedwa dzina loyamba.

Zosintha dzina langa ine pa mapepala ndaona kuti ndi chintchito, ndondomeko yake ndi yaitali, paja timaona zidziwitso zija mu nyuzipepala, kenako sitifiketi ya MSCE, ID, laisensi, banki, ayi ine ndikhala momwemu. Koma mwana poti ndi kulembetsa koyamba ndi nkhani ina. Chatsala ndi bambo. Sindikufuna adzangoona pa khadi la kuchipatala, ndiye Loweruka ndipita ku Chibavi ndi kankhuku ndikakhale nawo pansi. Vuto lina ndi sipelo, pakati pa zitatu zija ndisankhe iti, mtima uli pa q poti ndi yomwe ili pa khadi la ubatizo ndipo ndi yakale kuposa zonse, koma ndikaganiza za mwana wa mchemwali wa a NyaEkwendeni uja ndi nsapato zake ndikumaona ngati k ndi wachifundo.

NyaEkwendeni

Ikani q achimwene, nsapato tidzasonkha kkkk. Koma Loweruka musakayambe ndi nkhani ya mwana ayi, mukayambe mwawafunsa za sukulu yawo ya kumudzi ndi anzawo a Sitandade 6, muwasiye alankhule okha. Nkhukuyo ikhale yachikuda, ya mazira oyera ija adada sangatsegule nayo pakamwa.